Maselo Owala Pofufuza Mankhwala a Maso

Kutsogolo kwa diso lathu kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kotchedwa cornea. Khungu lake lapamwamba limasuluka n'kuphukanso kuchokera ku maselo a m'mphepete mwake. Asidi kapena laimu akapha maselowo, diso limachita mbuu, munthu osaonanso.

Mu 2007, Shinya Yamanaka anabweza maselo a khungu la munthu wamkulu ku ukhanda, kuti athe kusanduka maselo a mtundu uliwonse. Chotisangalatsa ife n'chakuti mluza suwonongedwa. Asayansi amalumikiza jini yowala mobiriwira, yochokera ku jellyfish, ku jini ngati p63. Jiniyo ikayamba kugwira ntchito, selo limawala, ndipo amalitsatira pa maikulosikopu tsiku ndi tsiku osalipha, n'kusankha oyenera okhaokha.

Mu 2019, gulu la Kohji Nishida ku Osaka linaika khungu la cornea lolimidwa kuchokera ku maselo obwezedwa ku ukhandawa m'diso la wodwala woyamba.