Injini Ikazima M'mlengalenga

M'chaka cha 2016 inawanda mbiri ya mmisiri wina wa kumudzi, kumpoto kwa Lilongwe, amene anasula helikopita ya munthu mmodzi ndi zitsulo zotola, naikamo injini ya njinga yamoto ya 125cc. Apolisi anamletsa kuiulutsa kufikira akuluakulu oyang'anira za ndege ataipima. Ena angayese kuti kumeneku kunali kupondereza luso, koma chifukwa chake chagona pa injini.

Njinga ikazima pamsewu, mwini wake amangotsika nayamba kukankha. M'mlengalenga mulibe potsikira. N'chifukwa chake injini zambiri zopangidwira ndege zili ndi mapulagi aŵiri pa silinda iliyonse, kuti imodzi ikafa inzake ipitirize ntchito. Injini wamba ya njinga ili ndi pulagi imodzi basi, ndipo kadontho ka madzi kapena kachitsotso m'petulo n'kokwanira kuizimitsa. Tsono dera la Mponela lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, motero injini imataya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake isananyamuke n'komwe.

Komabe ndege ya mapiko sigwa ngati mwala. Woyendetsa akazolikitsa mphuno yake msanga kuti liŵiro lisathe, imatsetsereka ngati kabaŵi. Ndege zazing'ono zambiri zimapita mamita 8 kutsogolo pa mita imodzi imene zatsika. Yopangira pakhomo kaŵirikaŵiri sifikapo. Helikopita ndiyo yovuta koposa, pakuti woyendetsa ali ndi masekondi aŵiri okha oti asinthe kapendekeke ka zipupa zake, mphepo yochokera pansi izizizunguza.

Nanga atera pati? Msewu wa M1 umakopa maso, koma uli ndi magalimoto ndi mawaya amagetsi amene saoneka munthu ali m'mwamba. Dambo la m'dzinja limamiza mateyala. M'munda wa chimanga kapena wa fodya ayenera kutsata mizere, chifukwa kuipingasa kumagubuduza ndege, ndipo alunjike kumene mphepo ikuchokera. Utsi wa m'midzi ndiwo umamuuza. Ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi malo athyathyathya ndi osoŵa zedi.

Choopsa kuposa zonse ndi injini yozima ndege itangonyamuka. Mtima umati bwerera kubwalo, koma kukhota ndege ili pafupi ndi nthaka kumadya liŵiro, ndipo ambiri afa motero. Ophunzitsa amalangiza kutera kutsogolo komweko, ngakhale pakhale patchire.