Asidi ndi Mafuta Zikatayika pa Ntchito



Pa 18 February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa ku Chambishi, m'dziko la Zambia, linagumuka. Madzi a asidi anatsikira mumtsinje wa Mwambashi nakalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu zinapserera, ndipo mipope ya mumzinda wa Kitwe inatsekedwa. Paja madzi akatayika saoleka. Tsono nzeru ndiyo kuwatchinga asanatuluke pa mpanda wa fakitale.

Inu ogwira ntchito, mukaona thanki kapena paipi ikudontha, chenjezani anzanu msanga ndi kuuza akapitawo. Valani magolovesi, majombo ndi zoteteza maso. Tsekani kumene kukuchokera dontholo ngati sipali poopsa. Kenaka zingani chotayikacho ndi mchenga, makamaka pakamwa pa ngalande, pakuti ngalandeyo imathera kumtsinje kumene ana anu amatunga madzi. Musatsukire mafuta m'ngalande. Asidi wamphamvu musamuthire utuchi, chifukwa moto ungabuke. Laimu ndiye amapha ukali wake. Mchenga wonyowawo uikeni m'mgolo wotseka, wolembedwa bwino.

Dontho la lero lisadikire mawa. Tsalani bwino.