Galu ali ndi mwini: tiyeni tithetse ciwewe kwa Chikomeni

Kwa ife alimi a kwa Chikomeni, galu ndi wanchito mnzathu. Cimanga cikayamba kukhwima, ndiye amathamangitsa anyani ndi apusi kumunda. Usiku ndiye amatidzutsa fisi akayandikira khola la mbuzi. Koma tifunsane moona mtima, abale: mwa agalu amene amagona pa mabwalo athu, ndi angati analasidwapo katemera wa ciwewe? Nanga ndani wa ife angatulutse cikalata cake lero atafunsidwa?

Funsoli ndi lalikulu kwa ife cifukwa ca malo amene tikhala. Dera la Mfumu Chikomeni, limene linali m'boma la Lundazi mpaka 2018 pamene boma la Lumezi linakhazikitsidwa, lili m'mphepete mwa nkhalango ya nyama ya Lukusuzi. Agalu athu amatsatira abusa a ng'ombe kuthengo, kumene amakumana ndi nkhandwe ndi agalu a midzi ina. Akalumana ndi yodwala, kacirombo kamalowa kudzera m'malovu. Madzulo galu uja amabwerera kumudzi ndi kusewera ndi ana athu.

Matenda onyenga

Kuipa kwa ciwewe n'kwakuti cimabisala. Mwana akalumidwa, bala limapola m'masiku ocepa, ndipo tonse timaiwala. Koma kacirombo kamakhala kakuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kupita ku ubongo. Nthawi zambiri pamapita miyezi 2 kapena 3 kuti zizindikiro zioneke: kutentha thupi, kusokonezeka mutu, kutuluka dovu ndi kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Zikafika apa palibenso mankhwala. Pa maliro otere ena timayamba kulozana zala za ufiti, mabanja n'kudana, pamene anapha mwanayo ndi galu amene tinamuiwala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 pa caka, makamaka muno mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amacitenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osafika zaka 15. Ana ndiwo amakonda kugwira tiagalu, ndipo kawirikawiri amabisa bala poopa kukalipiridwa. Makolo, mwana akaulula kuti walumidwa kapena kukandidwa, tisamukwapule.

Wina akalumidwa, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musapakepo phulusa la ubweya wa galu kapena mankhwala acikuda, cifukwa sizipha kacirombo. Pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono, ndipo amalize nyeleti zonse zimene adokotala alamula. Dziwitsani alangizi a ziweto. Ngati galuyo ndi wa pamudzi ndipo angamangike popanda ngozi, amangidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, koma wolumidwa asadikire masiku amenewa kunyumba.

Lamulo litinji?

Dziko la Zambia lili ndi lamulo la kasungidwe ka agalu lochedwa Control of Dogs Act, mutu 247 wa malamulo athu. Pansi pa lamuloli, galu ayenera kulasidwa katemera ndi kulembetsedwa. Ciwewe cikabuka, boma lingalamule kuti agalu onse a m'dera amangidwe, ndipo opezeka akuyenda okha angaphedwe. A khonsolo ndi a dipatimenti ya ziweto ndiwo amagwira nchitoyi. Komatu iwo sangadziwe galu aliyense wa m'midzi yathu yotalikirana. Womudziwa ndi mwini wake.

Udindo wa mwiniyo si wovuta. Kagalu kakafika miyezi 3 kalasidwe, kenaka tizibwereza caka ndi caka, cikalata n'kucisunga pamodzi ndi makhadi a ku sikelo. Tiwete agalu amene tingathe kudyetsa, pakuti galu wanjala ndiye amayendayenda kumsika ndi kusukulu. Tisataye tiana ta agalu kuthengo. Galu akasintha khalidwe, n'kumaluma ciliconse kapena kucucha dovu, tisamugwire pakamwa poganiza kuti watsamwa fupa. Tikumbukirenso kuti galu waciwewe akaluma ng'ombe kapena mbuzi, nazonso zimafa.

Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse akalasidwa, matendawa amaleka kufala. Anzathu a ku Blantyre m'dziko la Malawi anayesa zimenezi. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likulasa agalu zikwizikwi mumzindawo, ndipo imfa za ana zinatsika kwambiri. Cimene tiphunzirapo n'cakuti kulasa galu wako wekha sikukwanira ngati a pafupi nawe sanalase awo. Mutu umodzi susenza denga.

Apa ndi pamene mipingo ndi mafumu angathandize. Tsiku la katemera likalengezedwa m'chalichi pambuyo pa mapemphero, m'miphakati ndi pa misonkhano ya makopaletivu, uthenga umafika khomo lililonse. A nyakwawa angalembe maina a eni agalu m'mudzi mwao ndi kupereka ciwerengeroco kwa alangizi a ziweto, kuti katemera abwere wokwanira. Acinyamata angathandize agogo kutengera agalu ao kumalo olasira.

Pa 28 September caka ciliconse, dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe. Ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur wa ku France, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu pomulasa katemera woyamba. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi ciwewe ca agalu. Ife a kwa Chikomeni tisadikire cakaco. Sabata ino, aliyense awerenge agalu a pakhomo pake, apite kwa a nyakwawa, ndipo afunse tsiku la katemera.