KODI UTHENGA WA PAWAILESI UNGAFIKE PATALI BWANJI?

Gawo Lachitatu

M'chaka cha 2007, anzake a katswiri wina wa ku Venezuela, Ermanno Pietrosemoli, anakwera phiri la El Águila, lomwe kutalika kwake kumaposa mamita 4,000. Ali pamwambapo anatumiza uthenga wa kompyuta kuphiri la Platillón, mtunda wa makilomita 382, popanda waya. Chodabwitsa n'chakuti anagwiritsa ntchito zipangizo za Wi-Fi, zomwe kaŵirikaŵiri mphamvu yake imathera kuseri kwa nyumba. Akatswiriŵa sanachite mwamwayi ai. Asananyamuke n'komwe, anayamba aŵerengera zinthu zitatu.

Choyamba ndi kupindika kwa dziko. Mafunde a wailesi zamtunduwu amayenda molunjika monga kuŵala, motero milongoti iŵiri iyenera kuonana. Pofuna kudziŵa pomwe mlongoti ungafike, amisiri amapeza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka msinkhu wa mlongotiwo, kenaka amaichulukitsa ndi 4.12. Mlongoti wa mamita 25 umapereka 5, ndipo kuchulukitsa ndi 4.12 kumapereka makilomita oposa pang'ono 20. Iŵiri yotere ingalankhulane pamtunda wa makilomita 41 pachigwa chosalala. N'chifukwa chake amisiri amakonda mapiri, pakuti phiri ndi mlongoti womangidwa kale.

Chachiŵiri ndi kufooka kwa mafunde panjira. Lamulo lomwe Harald Friis analemba m'chaka cha 1946 limaonetsa kuti mtunda ukaŵirikizidwa kaŵiri, mphamvu yofika kwa wolandira imatsala gawo limodzi mwa magawo anai. Mphamvuyi amaiyeza m'madesibelo, ndipo kaŵerengedwe kake kamafanana ndi ka mwini sitolo amene akuŵerengera zoloŵa ndi zotuluka. Pamafunde a 2.4 GHz, kilomita yoyamba imadya madesibelo 100, pomwe makilomita 10 amadya 120. Tsono ngati chotumizira chipereka 20, ndipo mbale ziŵiri zolunjikitsa mafunde ziwonjezera 24 iliyonse, zoloŵa zikwana 68. Zotuluka ndi 120 za panjira ndi 4 zotayika m'mawaya, zonse pamodzi 124. Chotsala ndi -56. Ngati cholandirira chimamvabe kufikira -80, ndiye kuti patsala madesibelo 24 osungira tsiku loipa. Mmisiri wanzeru samanga kanthu ngati chosungiracho chichepera 10.

Chachitatu ndicho chimapusitsa ambiri. Kuonana kokha sikukwanira, chifukwa mafunde sayenda ngati ulusi koma amafufuma pakati pa njira, mwa maonekedwe a nkhaka. Dera limeneli limatchedwa ndi dzina la Augustin Fresnel, katswiri wa ku France amene anamwalira m'chaka cha 1827. Pamtunda wa makilomita 10, derali limatambasuka mamita pafupifupi 18 kuchokera pamzere wapakati, ndipo magawo 60 mwa 100 alionse ayenera kukhala opanda chotchinga. Choncho mtengo wa bulugama wosakhudza n'komwe mzere woonanirana ungathe kufoola uthenga, makamaka ukakula patapita zaka ziŵiri kapena zitatu.

Nzeru zimenezi zinafikanso ku Malaŵi. M'chaka cha 2008, akatswiri a ku Trieste, m'dziko la Italy, mogwirizana ndi anzawo a kuno, analumikiza sukulu ya udokotala ya ku Blantyre ndi Mangochi, mtunda wa makilomita 162. Popeza malo aŵiriŵa saonana, uthenga unkadumpha kudzera pamwamba pa phiri la Zomba.

Kulakwitsa masamuŵa kumaluzitsa kwambiri. Mlongoti ukamangidwa pamalo olakwika, simenti ndi zitsulo zimapita pachabe, ndipo chipatala kapena sukulu imadikira chaka china. Koma mphunzitsi ndi ophunzira ake, atatenga mapu oonetsa kukwera kwa malo, rula ndi pensulo, angathe kudziŵa m'phunziro limodzi ngati sukulu yawo ingaonane ndi phiri loyandikana nalo.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za mbale zolunjikitsa mafunde ndi kaimikidwe kake.