Kugulitsa Telesikopu Yakale ya Magalasi kwa Okonda Nyenyezi

Omvera ambiri anaonapo chipangizo chonga mpope wautali, choikidwa pa miyendo itatu yamatabwa, chimene anthu amasuzumiramo poyang'ana mwezi ndi nyenyezi. Dzina lake ndi telesikopu. Matelesikopu alipo a mitundu iŵiri ikuluikulu. Ena amasonkhanitsa kuŵala ndi kalilole, monga ija anapanga Isaac Newton mu 1668, pamene ena amasonkhanitsa kuŵala ndi galasi loikidwa kutsogolo kwa mpope. Mtundu wachiŵiriwu, umene m'Chingerezi amautcha refractor, ndiwo wakale koposa. Hans Lipperhey wa ku Middelburg, m'dziko la Netherlands, anapempha boma kuti limzindikire monga mwini luso limeneli mu 1608, ndipo mu Januwale 1610 Galileo anaona ndi telesikopu yotere miyezi inayi yozungulira Jupiter.

Zimachitika kuti munthu wasiyiridwa telesikopu yotere ndi malemu bambo ake, kapena mwini wake wakalamba ndipo sangathenso kuchezera panja usiku. Akaitengera kumsika, wogula zitsulo angoiyesa pasikelo monga mkuwa wina uliwonse. Amene angaidziŵe mtengo wake ndi anthu okonda kuyang'ana nyenyezi mongodzipereka, monga a m'bungwe la British Astronomical Association lokhazikitsidwa mu 1890, kapena la Astronomical Society of Southern Africa lokhazikitsidwa mu 1922. Koma ogula oterewa sapusitsika msanga, ndipo mafunso awo amayambira pa galasi lakutsogolo.

Galasi limodzi lokha limapatula kuŵala m'mitundu monga utawaleza, kotero nyenyezi imaoneka yozunguliridwa ndi utoto wofiira ndi wabuluu. Chester Moor Hall wa ku England anapeza mankhwala ake cha m'ma 1733 pophatikiza magalasi aŵiri osiyana kapangidwe, ndipo John Dollond analembetsa luso limeneli kuboma mu 1758. Chichokere nthaŵi imeneyo, telesikopu yabwino ya mtundu uwu imakhala ndi magalasi aŵiri kutsogolo, ndipo gawo lalikulu la mtengo wake lagona pamenepo.

Dzina lozokotedwa pa mpope limathandiza. Thomas Cooke wa ku York, Alvan Clark wa ku America ndi Carl Zeiss wa ku Jena ndi maina olemekezeka, ndiponso matelesikopu a Unitron, opangidwa ku Japan kuyambira m'ma 1950, amafunidwabe. Komabe dzina palokha si umboni wa zaka. John Dollond anamwalira mu 1761, koma kampani yake inapitiriza ntchito kwa mibadwo yambiri, ndipo amisiri ena achinyengo ankazokota dzina lake pa katundu wawo. Alipo ndithu matelesikopu amkuwa onyezimira opangidwa posachedwa kuti akongoletse pabalaza, amene kumwamba saonetsa kanthu kolongosoka.

Wogulitsa ayenera kutchula manambala aŵiri, amene kaŵirikaŵiri amalembedwa pafupi ndi posuzumira. Mwachitsanzo, D=60mm F=900mm ndiko kunena kuti galasi ndi lotambalala mamilimita 60, ndipo limakumanitsa kuŵala pa mtunda wa mamilimita 900. Pofuna kudziŵa kakulitsidwe kake, munthu amagaŵa 900 ndi nambala yolembedwa pa kagalasi kosuzumira. Ka mamilimita 9 kamakulitsa chinthu maulendo 100. Galasi la mamilimita 60 limalekezera cha pa maulendo 120, ndipo kupitirira apo chithunzi chimangokula chili mbuu. Mabokosi ena akale analembedwa kuti telesikopu yaing'ono yotere imakulitsa maulendo 400 kapena kuposa. Wogulitsa akabwereza mawu ameneŵa, wogula wodziŵa amakayikira ndi zina zonse zimene wauzidwa.

Galasi liyenera kuunikidwa ndi tochi chammbali m'chipinda cha mdima. Fumbi silidetsa nkhaŵa, ngakhale kachipsera kakang'ono sikaononga chithunzi kwenikweni. Choopsa ndi chuku, chimene chimaoneka ngati ukonde wa kangaude pakati pa magalasi aŵiri aja. Chimakonda malo achinyezi, choncho telesikopu imene yakhala m'bokosi madzinja angapo kumalo onga Mulanje kapena Nkhata Bay iyenera kuyang'anidwa mosamala. Chuku chikakhalitsa chimadya pamwamba pa galasi ndi kusiya zipsera zosachoka. Zonsezi wogula auzidwe asanatulutse ndalama, pakuti adzaziona yekha usiku woyamba.

Pano ndi pamene eni ake ambiri amadzipweteka chifukwa chofuna ukhondo. M'matelesikopu ambiri magalasi aŵiri aja sagundana, amalekanitsidwa ndi tizidutswa titatu topyapyala ta chitsulo toikidwa m'mphepete. Munthu akamasula kuti apukute, nataya kamodzi, kapena kutembenuza galasi limodzi chagada, telesikopu imaleka kuonetsa bwino ngakhale ikunyezimira. Chimodzimodzinso mkuwa wa mpope: amisiri akale ankaupaka vanishi wa mtundu wa golide, ndipo polishi amachotsa vanishi ameneyu osabwereranso. Osonkhanitsa zinthu zakale amalipira zambiri pa mkuwa wothimbirira umene sunakhudzidwe kusiyana ndi wokwechedwa dzulo. Nkwabwino kuisiya momwe ilili, wogula adzasankhe yekha chochita.

Umboni weniweni umapezeka usiku. Wogula amaloza telesikopu pa nyenyezi yoŵala, kenaka amapotoza pang'ono chowongolera chithunzi, kulowetsa mkati ndiponso kutulutsa kunja. Pa galasi labwino nyenyezi imasanduka timizere tozungulira, tina mkati mwa tinzake, tofanana mbali zonse ziŵiri. Tikakhala topendekeka kapena tosongoka ngati dzira, pali cholakwika. Pambuyo pake angayese pa Saturn kuti aone mphete yake, kapena pa Alpha Centauri, nyenyezi yoŵala ija ya pafupi ndi Mtanda wa Kummwera, imene ndi maso imaoneka imodzi koma m'telesikopu yabwino imagaŵika paŵiri. Ayesenso kugogoda mpope ndi chala: miyendo yolimba imaleka kunjenjemera msanga.

Mtengo woikika palibe. Umatsatira dzina la wopanga, umoyo wa galasi, ndi kukwanira kwa zipangizo, monga bokosi lake lamatabwa, miyendo, ndi timagalasi tosuzumira. Wogulitsa atchule kuti timagalasito ndi ta mamilimita 24.5, monga mwa matelesikopu akale a ku Japan, kapena ta mamilimita 31.75 timene tikupezeka mosavuta masiku ano. Potumiza kutali, zitsulo zolemera zimangidwe pazokha kuti zisagunde galasi panjira.

M'mabokosi ambiri akale mumapezekanso kagalasi kakuda kolembedwa SUN, kopotera kuseri kwa kagalasi kosuzumira. Kameneka sikayenera kugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa munthu aliyense. Kamakhala pamalo pamene kutentha konse kwa dzuŵa kwasonkhana, ndipo kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo. Diso lopsa chotero silichira. Wogulitsa akaswe ndi nyundo, ndipo wogula amene akufuna kuona madontho a padzuŵa agwiritse ntchito chotchingira chovomerezeka chovala kutsogolo kwa mpope, kapena agwetsere chithunzi cha dzuŵa pa pepala loyera iye osasuzumiramo.