Nyimbo Zimene Zinachotsedwa Filimu Isanatuluke

Amene munaonerapo filimu ya Troy mukukumbukira pamene Achilles anaima kunja kwa mpanda wa mzinda akuitana Hector kuti atuluke. Amuna awiriwo atayamba kulimbana, simumva vayolini kapena lipenga. Mumangomva ng'oma zouma zikugunda motsatira mapazi awo pafumbi, ndipo pakati pa kugundako mumamva mkondo ukukhula pachishango. Kwa ine, pamenepa ndi pamene nyimbo za filimuyi zinagwira ntchito yake bwino kuposa pena paliponse. Anazipeka ndi James Horner, yemwe uja wa Titanic. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti filimuyi inali kale ndi nyimbo zina, za munthu wina, zambiri mwa izo zitajambulidwa kale, ndipo zonsezo zinachotsedwa patangotsala miyezi iwiri kuti filimu ituluke mu Meyi 2004.

Munthuyo anali Gabriel Yared, wobadwira ku Beirut koma wokhazikika ku France, amene anapata mphoto ya Oscar chifukwa cha nyimbo za The English Patient ya 1996. Anamuitana ndi wotsogolera filimu, Wolfgang Petersen. Yared anakhala pantchitoyo pafupifupi chaka chathunthu. Anajambula ndi gulu lalikulu la oimba ndi zipangizo ku London, anabweretsa kwaya ya ku Bulgaria, komanso mayi wa mawu olira, Tanja Tzarovska wa ku Macedonia. Kenako kampani ya Warner Bros inachita zimene makampani a ku Hollywood amachita filimu isanapite kumsika: inasonkhanitsa anthu wamba, kuwaonetsa filimu yosamalizidwa, n'kuwafunsa maganizo. Ena mwa anthuwo anati nyimbozo n'zachikale ndipo zikuphimba filimu. Mawu amenewo anakwanira. Yared anachotsedwa osapatsidwa mpata wokonza, Horner n'kuitanidwa kuti apeke zina m'milungu ngati 4 yokha.

Opeka nyimbo ambiri zikawachitikira zoterezi amangokhala chete, poopa kuti mawa sadzaitanidwanso. Yared sanatero. Analemba kalata yoti aliyense awerenge, kufotokoza mmene zinayendera, ndipo anaika zina mwa nyimbo zakezo poti anthu amve. Okonda nyimbo za m'mafilimu anazimva, n'kugawikana pawiri. Mpaka lero sanagwirizane.

Kuno kwathu ambiri tinakulira m'mavidiyo a m'misika, momwe womasulira amalankhula Chichewa pamwamba pa filimu, nyimbo n'kumamveka iye akangopumira. N'chifukwa chake tikhoza kutchula mayina a osewera ambirimbiri koma osadziwa dzina la wopeka nyimbo ngakhale mmodzi. Komatu munthu ameneyu ndi amene amatiuza nthawi yochita mantha ndi nthawi yogwetsa misozi. Kawirikawiri amabwera kumapeto, zithunzi zitajambulidwa kale. Amakhala pansi ndi wotsogolera filimu, n'kugwirizana kuti nyimbo iyambire apa, ithere apo. Vuto n'lakuti pofika nthawiyo, odula ndi kulumikiza zithunzi amakhala ataikamo kale nyimbo zobwereka, zochokera m'mafilimu ena, zongogwirizira kuti aone mmene nkhani ikuyendera. Wotsogolera amamva nyimbo zobwerekazo tsiku ndi tsiku kwa miyezi, mpaka khutu lake limazizolowera. Wopeka akabwera ndi zake zatsopano, zimamveka zachilendo, ngakhale zikhale zabwino chotani.

Palinso nkhani ya ndalama. Filimu ikapanda kusangalatsa anthu oionera moyesa aja, kampani imayang'ana chimene ingasinthe msanga. Kuitananso Brad Pitt, kumanganso mpanda wa Troy ndi kusonkhanitsanso asilikali ambirimbiri n'kosatheka. Koma nyimbo zatsopano zikhoza kulembedwa ndi kujambulidwa m'mwezi umodzi. Ndiye wopeka nyimbo ndi amene amasenza mlandu, ngakhale pamene cholakwika chili pa nkhani ya filimuyo kapena pa osewera.

Ndili ndi mnzanga woimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, munthu wa khutu lakuthwa, amene safuna kumva dzina la Horner. Tsiku lina atamaliza kuphunzitsa kwaya anandikokera pa kiyibodi paja. Anaika dzanja lamanja, n'kugunda manotsi anayi oyandikana, atatu oyamba mofulumira akukwera, lachinayi n'kubwerera pang'ono n'kukhazikika. Anabwerezanso m'munsi, mawu akulu. «Achimwene, mwawamva kangati amenewa?» Ndinawadziwa nthawi yomweyo. Ndi kanyimbo kamene Horner ankaika paliponse pamene zoopsa zayandikira. Kali mu Star Trek II ya 1982, mu Willow ya 1988, mu Enemy at the Gates ya 2001, mu Troy, mpaka mu Avatar ya 2009. «Munthu ameneyu ankagulitsa katundu mmodzi kwa anthu khumi,» anatero mnzangayo. Anawonjezera dandaulo limene otsutsa Horner akhala akulinena kwa zaka zambiri, loti ankatapanso m'nyimbo za akatswiri akale a ku Russia monga Prokofiev ndi Shostakovich, komanso kuti malipenga olandirira Hector ndi Paris mumzinda wa Troy akufanana kwambiri ndi mbali ina ya War Requiem ya Benjamin Britten.

Zimene ananenazo si zabodza. Koma sindivomereza kuti zathetsa mlandu. Mukapita kwa kalipentala amene mumamudziwa, mumazindikira mpando wake poona mmene amasemera miyendo, ndipo simunena kuti wakuberani chifukwa mpando wa chaka chatha unali ndi miyendo yomweyo. Wopeka aliyense wamkulu ali ndi dzanja lake. Hans Zimmer mumamudziwa ndi mawu akulu ogunda pachifuwa, John Williams ndi malipenga ake okweza mtima, Ennio Morricone ndi likhweru ndi mawu a mkazi oimba popanda mawu enieni. Horner ankadziwa kulowetsa nyimbo pansi pa zolankhula za osewera mosawasokoneza, n'kuitukula pa mphindi yeniyeni imene mtima wa woonera watseguka. Amene analira poonera Braveheart ya 1995 kapena Titanic ya 1997 sanalire chifukwa chopusitsidwa. Funso loyenera si lakuti kanyimboka tinakamvapo kale kapena ayi, koma ngati pamalo pamene kaikidwapo kakunena kanthu. Mu Troy, ndikuvomereza, manotsi anayi aja anachuluka mpaka kutopetsa. Koma munthu wopatsidwa mwezi umodzi kuti adzaze filimu yopitirira maola awiri ndi theka adzatola zida zimene zili pafupi ndi dzanja lake. Wolakwa ndi amene anamupatsa mwezi umodziwo.

Horner nayenso sanatetezeke. Mu 2007 Petersen anatulutsa Troy yotalikirapo, yolumikizidwa mmene iye ankafunira, ndipo anasuntha ndi kusintha nyimbo m'malo ambiri. Pa nkhondo ya Achilles ndi Hector anachotsa ng'oma zija n'kuikapo nyimbo ya Danny Elfman yochokera mu Planet of the Apes ya 2001, filimu ya anyani imene ilibe chochita ndi Agiriki. Pamenepo ngakhale mnzanga uja anadandaula. Horner anamwalira mu Juni 2015 pa ngozi ya ndege yake yaing'ono ku California.

Nanga za Yared zinali zabwino kuposa za Horner? Ndazimvapo zimene zinatuluka, ndipo ndi nyimbo zolemera ndithu: kwaya yamphamvu, malipenga ochuluka, nyimbo ya maliro yogwira mtima. Kuzimvera pazokha, zimaposa. Koma apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri okonda nyimbozi. Nyimbo yokanidwa imalowa m'khutu mwathu titaimvera kale chisoni. Timaimva usiku, tili phee, popanda mahatchi akuthamanga, popanda malupanga, popanda wosewera akulankhula. Ya mnzakeyo timaimva ikulimbana ndi phokoso lonselo. Mpikisano wotere si wachilungamo. Nyimbo ya filimu inapangidwira kukhala pansi pa chithunzi, ndipo amene sanaonere Troy yonse ndi nyimbo za Yared sangalumbire kuti ikanakhala filimu yabwinopo.

Ndipo nthawi zina kusinthako kumabala zabwino. Filimu ya Chinatown ya 1974 inali ndi nyimbo za Phillip Lambro, zimene zinakanidwa kumapeto. Jerry Goldsmith anapatsidwa masiku 10. Sanaitane gulu lonse la zipangizo. Anasankha mapiyano 4, azeze akuluakulu 4, mavayolini ndi abale ake, zogunda, ndi lipenga limodzi loimba lokha mosungulumwa. Lipenga limenelo ndi limene anthu amakumbukira akamanena za filimuyi, ndipo nyimbozo zimawerengedwa pakati pa zabwino kwambiri zimene Hollywood inatulutsapo. Goldsmith yemweyo zinadzamuonekera pa Legend ya 1985: ku Ulaya anthu anaonera ndi nyimbo zake, koma ku America zinachotsedwa n'kuikamo za gulu la ku Germany la Tangerine Dream, pofuna kukopa achinyamata. Lero pali anthu amene anakula ndi iyi, ena ndi inayo, ndipo aliyense amati yakeyo ndiye yeniyeni.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Alex North. Anali atagwirapo ntchito ndi Stanley Kubrick pa Spartacus mu 1960, ndipo anaitanidwanso ku London kuti apeke nyimbo za 2001: A Space Odyssey. Kubrick anali ataikamo kale nyimbo zobwereka za akatswiri akale, monga Also sprach Zarathustra ya Richard Strauss ndi The Blue Danube ya Johann Strauss, pamodzi ndi za György Ligeti. North anagwira ntchito usana ndi usiku, n'kulemba nyimbo zotenga mphindi ngati 40 m'masabata ochepa, mpaka thupi linamukana ndipo anapita kojambulira atanyamulidwa pa ambulansi. Atamaliza gawo loyamba, anauzidwa kuti asavutike ndi lachiwiri, chifukwa kumeneko adzangoika phokoso la munthu akupuma. Anabwerera kwawo akuganiza kuti ntchito yake ili m'filimu. Mu Epulo 1968 anapita kukaonera filimuyo ku New York, anakhala pampando, magetsi anazima, ndipo chimene chinamveka ndi Richard Strauss. Anadikira, koma nyimbo yake sinamveke ngakhale imodzi. Palibe amene anamuuza.

North anamwalira mu 1991. Mu 1993 mnzake Goldsmith anasonkhanitsa oimba n'kujambula nyimbozo kuti dziko lizimve. N'zokongola, ndipo zikuonetsa kuti North anali katswiri weniweni. Komabe ndikaona chombo chikuzungulira pang'onopang'ono mumlengalenga motsatira The Blue Danube, sindiona china chimene chikanakhala pamenepo. Kubrick anasankha bwino. Chimene analakwa ndi kusiya munthu wamkulu, amene anadwala chifukwa cha ntchito yake, kuti akadziwire pagulu. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo okonda nyimbo akamakangana amazisakaniza. Wina amati North analakwiridwa, choncho nyimbo zake zinali zoyenera. Wina amati filimu inatuluka bwino, choncho palibe cholakwa chinachitika. Onse awiri akuona mbali imodzi.

Ubwenzi wa Alfred Hitchcock ndi Bernard Herrmann unatheranso pa nyimbo zokanidwa. Herrmann ndi amene anapeka mavayolini olira mobaya a mu Psycho ya 1960, pamalo pamene Hitchcock poyamba sankafuna nyimbo n'komwe. Pa Torn Curtain ya 1966 kampani inkafuna nyimbo zopepuka zoti zigulidwe ndi achinyamata, Herrmann n'kubwera ndi zake zolemera, zodzaza malipenga ndi zitoliro. Hitchcock anamva tsiku loyamba lojambula, anamuchotsa, n'kuika John Addison. Sanagwirenso ntchito limodzi. Patapita zaka 25, Martin Scorsese anagwiritsa ntchito zina mwa nyimbo zokanidwazo mu Cape Fear.

Ine maganizo anga ndi awa. Filimu ndi ya wotsogolera, ndipo ali ndi ufulu wokana nyimbo imene sikugwirizana ndi chithunzi chake, ngakhale yapekedwa ndi mwini Oscar. Chimene sindivomereza ndi kutaya ntchito ya chaka chonse chifukwa cha mawu a anthu ochepa amene anaonera kamodzi filimu yosatha, ndiponso kutsekera nyimbozo m'kabati. Popeza kampani ndi imene inalipira, ndiyo mwini wake, ndipo wopeka sangazitulutse popanda chilolezo. Za North zinadikira zaka 25 kuti zimveke, mwini wake atagona kale. Za Yared anthu akhala akuzimvera m'zidutswa zongopatsirana.

Makampani athu opanga mafilimu kuno akadali aang'ono, koma tsiku lidzafika loti wotsogolera adzamva nyimbo imene anaitanitsa n'kuona kuti sikuyenera. Inu amene mudzakhale pampando umenewo, muitaneni woimbayo, mumuuze pamaso chifukwa chake, mumulipire zonse zimene munapangana, ndipo mumulole akatulutse nyimbo zakezo kuti anthu azimve.