Doctor Who: Sizoni Yoyamba Imene Inadzera M'njanji

Doctor Who ndi sewero la pa wailesi yakanema la mtundu wa nthano za sayansi, kutanthauza nkhani zopeka zimene zimatenga nzeru za sayansi n'kuzifikitsa kumene munthu sanafikeko, ndipo bungwe la BBC linayamba kulionetsa ku Britain pa 23 Novembala 1963, patangopita tsiku limodzi Pulezidenti John F. Kennedy ataphedwa. Sizoni yake yoyamba, ndiko kuti mtolo wa magawo oonetsedwa motsatizana sewero lisanapume, inali ndi magawo 42 a mphindi pafupifupi 25 lililonse, ogawidwa m'nkhani 8, ndipo inatha pa 12 Seputembala 1964, kutatsala milungu 6 kuti Zambia ilandire ufulu.

Mwininkhani ndi nkhalamba yokanika yodziwika ndi dzina loti Doctor basi, imene anaisewera William Hartnell. Nkhalambayo imayenda ndi mdzukulu wake Susan m'chombo chotchedwa TARDIS, chimene kunja chimaoneka ngati kanyumba ka lamya ka apolisi a ku London koma m'kati mwake n'chachikulu kuposa kunja, ndipo chimatha kupita kudziko lililonse ndi m'nyengo iliyonse, yakale kapena yam'tsogolo. Aphunzitsi awiri a Susan, Ian wa sayansi ndi Barbara wa mbiri yakale, amatengedwa paulendowo mosafuna. Kusankha aphunzitsi sikunali kwangozi, pakuti Sydney Newman, mkulu amene anayambitsa sewerolo, ankafuna kuti ana aziphunzirapo kanthu, ndipo anakaniratu zilombo zoopseza ana.

Nkhani yachiwiri inaswa lamulo lake lomwelo. Terry Nation analemba za ma Dalek, zolengedwa za ku pulaneti la Skaro zimene zinapunduka ndi nkhondo ya mabomba a nyukiliya n'kudzitsekera m'zigoba zachitsulo, ndipo Verity Lambert, mayi wachitsikana amene ankayendetsa ntchito yonse, anaumirira kuti nkhaniyo ijambulidwe. Oonera anachuluka kufika pafupifupi mamiliyoni 10, moti sewero limene likanatha msanga linakhazikika. Komabe nkhani yolemera kwambiri m'sizoniyi mwina ndi The Aztecs, m'mene Barbara, atayesedwa mulungu ndi Aaziteki a ku Mexico wakale, amayesa kuthetsa mwambo wopereka anthu nsembe ndipo amalephera, pamene Doctor amamuchenjeza kuti zimene zinachitika sizisinthika. Funso la mlendo wofuna kukonza miyambo ya eni mudzi silinali lachilendo kwa anthu amene anali atangotuluka mu utsamunda.

Zambia inali m'gulu la mayiko a mu Africa, pamodzi ndi Nigeria, Kenya, Uganda ndi Rhodesia, amene anagula sewerolo m'zaka za m'ma 1960. Ku Zambia wailesi yakanema inayambira ku Kitwe mu 1961, ndipo kwa zaka zambiri inali ya m'matauni a m'mbali mwa njanji, kotero kuti m'midzi ya kwa Mfumu Zingalume ku Chadiza, kumene nthano zinkakambidwa pamoto agogo akuyankhidwa kuti "tili tonse", TARDIS sinafikeko m'masiku amenewo. Ku Malawi, kutsidya chabe kwa malire, wailesi yakanema ya dzikolo inadikira mpaka 1999. Sizikutanthauza kuti maloto a kumwamba ankasowa, popeza mu 1964 mphunzitsi Edward Makuka Nkoloso anali kale akuphunzitsa achinyamata pafupi ndi Lusaka, powagubuduza mumgolo, kuti adzapite ku mwezi ndi ku Mars.

Malonda akunjawa ndi amene anapulumutsa magawo ambiri. BBC inkajambula pa matepi odula amene inkawafufuta n'kuwagwiritsanso ntchito, koma pofuna kugulitsa kunja inkakopera zithunzizo pa filimu ya mamilimita 16, ndipo zitini za filimuzo zinkapatsirana, dziko lina likamaliza n'kutumiza kwa linzake, ngati khasu lobwerekana m'mudzi limene mwini wake pamapeto sadziwa kuti lagona kwa yani. Magawo ena a The Reign of Terror, nkhani yotseka sizoniyi, anabwerera kuchokera ku Cyprus, ndipo mu 2013 zinalengezedwa kuti munthu wina dzina lake Philip Morris wapeza magawo 9 a sizoni ina m'chipinda cha siteshoni ya ku Jos ku Nigeria.

M'sizoni yoyamba magawo 9 akusowabe: awiri a The Reign of Terror ndi onse 7 a Marco Polo, ngakhale kuti nkhani ya Marco Polo inagulitsidwa kumayiko ambiri. Mawu ake okha ndi amene alipo, chifukwa oonera ena ankajambula phokoso la wailesi zawo pa matepi a kunyumba, ndipo lero wofuna kudziwa ulendo wa Marco Polo wopita kwa mfumu Kublai Khan amamvetsera mawuwo akuyang'ana zithunzi zosayenda zimene zinatsala.